Ntchito za M'mayunivesite a Boma ndi Zoyenereza Zake

Dziko la Malawi lili ndi mayunivesite a boma okwana 6: University of Malawi ku Zomba, Mzuzu University, LUANAR ku Bunda m'boma la Lilongwe, MUST ku Thyolo, komanso MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, omwe adaima paokha m'chaka cha 2021. Yunivesite iliyonse imalemba yokha antchito ake, ndipo mipata ya ntchito imalengezedwa m'nyuzipepala ndi pa intaneti.

Ntchito zauphunzitsi

Maudindo a aphunzitsi ali ndi makwerero. Poyambira pali Staff Associate, udindo wa wophunzira amene wakhoza bwino kwambiri digiri yoyamba ndipo akukonzekera kupitiriza maphunziro. Udindo wa Lecturer umafuna digiri ya Masters kapena PhD pa phunziro lomwe munthuyo adzaphunzitse. Kuti akwere kukhala Senior Lecturer, Associate Professor mpaka pulofesa, zaka zogwira ntchito pazokha sizikwanira. Amayeneranso kuchita kafukufuku, kusindikiza zomwe wapeza m'mabuku ounikidwa ndi akatswiri anzake, ndiponso kuyang'anira ophunzira a madigiri apamwamba.

Ntchito zina

Yunivesite siyenda ndi aphunzitsi okha. Imafunanso owerengera ndalama, osunga mabuku, anamwino, akatswiri a makompyuta, ogwira ntchito m'malabotale, amisiri ndi madalaivala. Ku LUANAR, komwe kuli minda ndi makola ophunzitsira, kumafunikanso odziwa za mbewu ndi ziweto. Zambiri mwa ntchitozi zimafuna dipuloma kapena digiri, koma zina zimatheka ndi satifiketi ya MSCE pamodzi ndi pepala la umisiri, monga la TEVETA, kapena laisensi yoyendetsera galimoto.

Kafunsiridwe kake

Wofuna ntchito amatumiza kalata, CV, makope a masatifiketi ndi maina a anthu omuchitira umboni, tsiku lotsekera lisanadutse. Amene adaphunzira kunja amafunika kutsimikizitsa mapepala ake ku bungwe la NCHE, lomwe limayang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno. Osankhidwa okha ndiwo amaitanidwa kukafunsidwa mafunso. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ulumali kapena kukhala mkazi kapena mwamuna, ndipo lamulo la 2013 limalimbikitsa kuti amayi ndi abambo azipatsidwa mwayi wofanana pa ntchito za boma.

Chenjezo

Ntchito ya pa yunivesite sigulidwa. Pali akathyali omwe amaimbira makolo foni n'kumawauza kuti atumize ndalama kuti mwana wawo apezeredwe malo. Banja lisagulitse mbuzi kapena chimanga cha m'nkhokwe chifukwa cha lonjezo lotere, koma likanene msanga kupolisi kapena ku Anti-Corruption Bureau. Kupereka satifiketi yachinyengo nakonso ndi mlandu, ndipo wopezeka nayo akhoza kuchotsedwa ntchito ndi kuzengedwa mlandu kukhoti.