Chaka Chimene Prussia Inaletsa Kindergarten

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, nkhani iyi simudzaipeza pa mayeso a MSCE, koma ndimaikonda.

Mu 1837 mphunzitsi wa ku Germany, Friedrich Froebel, anatsegula malo oseweramo ana ku Bad Blankenburg. Mu 1840 anawatcha Kindergarten, kutanthauza munda wa ana. Kumeneko ana ankaimba, kupinda mapepala, kuumba dongo, kulima timinda tawotawo ndi kumanga tinyumba ndi timatabwa. Zoseweretsazo ankazitcha mphatso, ndipo yoyamba inali timipira taulusi tamitundumitundu. Cholinga chake sichinali sukulu yokha ayi. Ankafuna kuti amayi azisewera ndi ana awo pakhomo pomwe, n'chifukwa chake mu 1844 anawasindikizira buku la nyimbo ndi masewera. Ine ndikaona mwana akupinda waya kupanga galimoto, kapena akuphika kumasanje, ndimaona ntchito yomweyo. Kungoti yathuyi inalibe woilembera buku.

Tsono mu 1851 nduna ya maphunziro ku Prussia, Karl von Raumer, inaletsa ma kindergarten onse, ati amafesa mtima wokana Mulungu ndi maganizo a socialism. Timipira taulusi! Zikuoneka kuti ndunayo inamusokoneza ndi Karl Froebel, mwana wa mbale wake, amene ankalemba zandale.

Froebel anamwalira mu 1852 chiletsocho chikadalipo, ndipo chinachotsedwa mu 1860. Pofika nthawiyo Margarethe Schurz anali atatsegula kale kindergarten ku Watertown, Wisconsin, mu 1856.