Who ndi whom: kufunsa za munthu m'Chingerezi

Mawu ambiri ofunsira m'Chingerezi, monga what, where ndi when, sasintha kalembedwe kulikonse kumene angakhale. Koma funso likakhudza munthu pamapezeka mawu awiri, who ndi whom. Onse amafunsa kuti "ndani". Chimene chimawalekanitsa ndi ntchito imene munthu wofunsidwayo akugwira m'chiganizo.

Pa malamulo a chiyankhulo timasiyanitsa mwininkhani, amene akuchita zimene mneni akunena, ndi pamtherankhani, amene zochitikazo zikumugwera. Who amaimira mwininkhani. Wofunsa kuti "Who called the nurse?" akufuna kudziwa amene waitana namwino. Whom amaimira pamtherankhani. Mu "Whom did the nurse call?" woitana ndi namwino, ndipo amene tikumufufuza ndi woitanidwayo. Funso lachiwirili limafunanso mneni wothandizira did, pomwe loyamba lija limayenda lokha.

Aphunzitsi ali ndi njira yachidule yodziwira liwu loyenera: yankhani funsolo ndi mlowam'malo. Yankho likakhala he kapena they, funso likufuna who. Likakhala him kapena them, likufuna whom. Chilembo cha m chimene chili kumapeto kwa him, them ndi whom sichinangochitika. M'Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England Anomani asanalande dzikolo mu 1066, mayina ndi alowam'malo ankasintha mathero potengera ntchito yawo m'chiganizo. Wochita ankafunsidwa ndi hwā, wolandira chinthu ndi hwām, ndipo hwām ameneyu ndiye kholo la whom. M'kupita kwa zaka mathero otere anakokoloka pa mayina, n'kutsalira pa alowam'malo ochepa okha.

Malo amene whom adakalimba kwambiri ndi pambuyo pa mperekezi, monga to, for, with ndi by. Timalemba "To whom did you give the key?" ndipo "To who" apa samveka bwino ngakhale kwa eni chiyankhulo. Ife a Chichewa izi sizitidabwitsa, pakuti nafenso timati "Ndani wabwera?" koma "Wapereka kwa yani?" Pocheza, Mngelezi amakonda kukankhira mperekezi kumapeto, n'kunena kuti "Who did you give the key to?" Mperekezi akangochoka kutsogolo, who amalowa popanda womudzudzula.

Apa m'pamene lamulo la m'buku limasiyana ndi pakamwa pa anthu. Ku London kapena ku New York, "Who did you see?" ndi funso la tsiku ndi tsiku, pomwe "Whom did you see?" limamveka ngati la loya m'khoti. Katswiri wa ziyankhulo Edward Sapir, m'buku lake Language la 1921, anaona kale kuti whom akuzilala m'mafunso. Chimodzi mwa zifukwa zimene anapereka n'chakuti khutu la wolankhula Chingerezi linazolowera kumva mwininkhani kumayambiriro kwa chiganizo, ndiye liwu la pamtherankhani likatsogola limakhala ngati lasochera. Padutsa zaka zoposa 100, whom sanafe, koma wasamukira m'makalata a ntchito, m'zikalata za malamulo, m'nyuzipepala ndi m'mayeso.

Msampha waukulu umakola anthu osamala kwambiri, amene amaganiza kuti whom ndi who wovala jekete. Tengani funso lakuti "Who do you think will win?" Ambiri akaona do you think amathamangira kulemba whom, poyesa kuti munthuyo ndi pamtherankhani wa think. Chotsani mawu atatuwo, patsala "Who will win?" ndipo yankho ndi "He will win". Choncho who ndiye woyenera. Ndi mneni be zilinso chimodzimodzi: "Who do they say she is?" Cholakwika chotere n'chakale. Baibulo la King James la 1611 linaika whom pa Mateyu 16:13, pamene Yesu ankafunsa ophunzira ake za chimene anthu ankamuyesa, ndipo okonza Revised Version ya 1881 anasintha n'kuikapo who.

Wolemba funso, ndiye kuti, ali ndi zinthu ziwiri zoti aziyeze: ntchito ya munthuyo m'chiganizo, ndi malo amene funsolo likupita. Pa mayeso ndi m'kalata yofunsira ntchito, yankhani kaye funsolo mumtima ndi he kapena him, ndipo mutsate lamulo. Pocheza ndi pa WhatsApp, who amakwanira paliponse kupatula pambuyo pa mperekezi. Mukakayika, sankhani who, chifukwa woika who m'malo mwa whom amangomveka ngati akucheza, pomwe woika whom m'malo mwa who walakwitsa lamulo lomwelo limene amafuna kuonetsa kuti amalidziwa.