Kompyuta ikasiya kutulutsa mawu: zomwe zimachititsa ndi njira zokonzera

M'boma la Mecanhelas makompyuta amagwira ntchito zosiyanasiyana: kuika nyimbo m'makadi a foni pamisika, kuonetsa mafilimu, kuthandiza makwaya m'matchalitchi, komanso kumvetsera pa intaneti nkhani za nyengo ndi za mitengo ya mbewu. Mawu akasowa ntchito zonsezi zimaima, ndipo ulendo wokafuna katswiri ku Cuamba umadya ndalama ndi tsiku lathunthu la kumunda. Nthawi zambiri chovuta chimakhala chingwe, magetsi kapena batani lomwe lakhudzidwa mosadziwa. N'chifukwa chake kufufuza kumayambira kunja kwa makina.

Zingwe ndi mabowo

Kompyuta ya patebulo imakhala ndi mabowo atatu a mamilimita 3.5. Lobiriwira ndi la masipika kapena mahedifoni, lapinki ndi la maikolofoni, labuluu ndi lolowetsera mawu ochokera ku chipangizo china. Chingwe cha sipika chikalowa m'bowo lapinki, palibe chomwe chimamveka. Malaputopu ambiri atsopano ali ndi bowo limodzi lokha.

Mwini makina ayambe walumikiza masipikawo ku foni. Akalira, ndiye kuti vuto lili mu kompyuta. Akapanda kulira, vuto lili m'masipika kapena m'chingwe chawo. M'chilimwe fumbi limadzaza m'bowo, moti kompyuta imatha kuona ngati mahedifoni akadali olumikizidwa. Fumbilo lichotsedwe ndi kaburashi kouma makina atazimitsidwa. Singano ndi madzi zimaononga bowo.

Voliyumu ndi kotulukira mawu

Pa Windows, kachizindikiro ka sipika kamakhala pansi kudzanja lamanja, pafupi ndi wotchi. Pakakhala kamtanda pambali pake, mawu atsekedwa, ndipo kudina pomwepo kumawatsegula. YouTube ndi mapulogalamu oonetsera mafilimu alinso ndi voliyumu yawoyawo yomwe imatha kukhala pansi.

Kompyuta ikalumikizidwa ku TV ndi chingwe cha HDMI, kapena ku sipika ya Bluetooth, mawu amasamukira kumeneko. Powabweza, makina a Chipwitikizi amatsegulidwa pa Definições, kenako Sistema, kenako Som, n'kusankha masipika oyenera. Ena amalemba Configurações m'malo mwa Definições. Makina a Chingerezi, monga ambiri olowa kuchokera ku Malawi kudzera pa Nayuchi ndi Entre-Lagos, amalemba Settings, System ndi Sound.

Dalaivala wa mawu

Dalaivala ndi kapulogalamu komwe kamachititsa kuti Windows imvane ndi zipangizo za mawu. Kawirikawiri kamasowa pamene Windows yaikidwanso mwatsopano. Kamaonedwa mu Gestor de Dispositivos, womwe pa Chingerezi ndi Device Manager. Kachizindikiro kachikasu pambali pa dzina la chipangizo, lomwe pa makina ambiri ndi Realtek, kamasonyeza kuti pali cholakwika. Kuchotsa chipangizocho pamndandandawo n'kuyatsanso kompyuta kumachititsa kuti Windows ikaikenso yokha. Zikakanika, dalaivala atengedwe pa tsamba la kampani yomwe idapanga makinawo, monga HP, Dell kapena Lenovo. Microsoft idasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo thandizo laulere la Windows 10 lidatha pa 14 October 2025, choncho pa makina akale ndi bwino kusunga dalaivala wogwira ntchito pa fulashi.

Phokoso la magetsi

Nthawi zina mawu amamveka koma limodzi ndi kulira konga kwa njuchi. Pa laputopu, chaja ichotsedwe kuti makina ayendere batire. Phokoso likatha, gwero lake ndi chajayo kapena invetala ya magetsi a dzuwa. Foni yoikidwa pafupi ndi masipika nayonso imabweretsa kaphokoso kodukaduka.

Pulagi ya ku Malawi ili ndi mano atatu amakona, pamene masoketi ambiri a ku Mozambique ndi a mano ozungulira. Dzino lachitatulo ndi la waya wopita pansi, woteteza munthu ku shoko. Kudula pulagi n'kusomeka mawaya osavala m'soketi kumabweretsa phokoso, ndipo kungayambitse moto. Njira yabwino ndi kugula adaputala kapena kuikitsa pulagi yogwirizana ndi soketi.

Nthawi yopita kwa katswiri

Sipika ya laputopu yomwe imasasa mawu voliyumu ikakwera, pamene mahedifoni akumveka bwino, imakhala kuti yang'ambika ndipo imafuna kusinthidwa. Bowo likathyoka, kachipangizo ka mawu kolowetsa pa USB kamagwira ntchito m'malo mwake popanda kutsegula makina. Kompyuta yomwe yalowa madzi izimitsidwe nthawi yomweyo, isayatsidwenso mpaka katswiri ataiona. Makina asanaperekedwe kwa wokonza, nyimbo, zithunzi ndi zikalata za gulu la alimi zikopedwe pa fulashi, chifukwa kuikanso Windows kumatha kufufuta zonse.