Khutu la makaniko wa pa Nsipe

Galimoto yochokera ku Dedza ndi ku Lizulu imafika pa Nsipe itatsika kale zitunda zambiri, ndipo msewu wa M1 umapitirirabe kutsetsereka kulowera ku Chingeni. Pamsewu wotere dalaivala amadalira mabuleki kuposa china chilichonse, ndipo ndi m'malo ngati amenewa momwe munakulira luso limene ambiri amalipeputsa, lodziwa pamene injini ikuba mpweya. Ena amati amakaniko a m'mbali mwa msewu amangolotera. Ine ndikuti lusoli lili ndi maziko, ndipo mbiri ya galimoto za m'dziko muno ikuchitira umboni.

Galimoto zimene zinkanyamula matola m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, monga Peugeot 404 ndi Datsun, zambiri zinali za kabuleta. Pisitoni ikamatsika imayamwa mpweya, ndipo dalaivala akachotsa phazi pamoto, khomo la kabuleta limatsala pang'ono kutsekeka, motero m'manifodi mumakhala mphamvu yokoka. Opanga galimoto sanaisiye mphamvuyi kuti ipite pachabe. Kapayipi kakang'ono kankapita ku distribiyuta kuti moto wa m'mapulagi uzifulumirako katundu akapepuka, ndipo pa galimoto zambiri payipi yokulirapo inkapita ku busita, chiwiya chozungulira chija chimene chimathandiza mwendo kuponda mabuleki. Vuto lake n'lakuti mapayipiwa ndi a labala. Akauma ndi kutentha amang'aluka, mpweya umalowa mosadzera pa kabuleta, petulo amachepa m'chisakanizo, injini imanjenjemera n'kumazima galimoto ikaima, ndipo pedulo ya mabuleki imauma gwa.

Pofika 1984 nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Katundu ankazungulira njira zazitali, ndipo zida za galimoto zinakwera mtengo. Makaniko wa pamalo ngati Nsipe sakanatha kusintha ziwalo mwachisawawa mpaka atapeza yowonongeka. Ankayenera kulidziwa vuto asanamasule bawuti. Ankatchera khutu kufunafuna kaphokoso ka tsiii pafupi ndi manifodi. Ankafinya mapayipi limodzilimodzi, ndipo injini ikakhazikika ankadziwa kuti mbala ili pamenepo. Ankavula kapayipi ka distribiyuta n'kukayamwa ndi pakamwa, maso ali pa kambale ka m'kati kuona ngati kakusuntha. Busita ankaiyesa popopa pedulo injini ili chizimire mpaka iume, kenaka n'kuliza injini phazi lili pomwepo: pedulo ikatsikako pang'ono, busita ili bwino. Njira iliyonse mwa izi imapatula chiwalo chimodzi n'kuchifunsa funso limodzi, ndipo mabuku a opanga galimoto amalangizanso zomwezo.

Wina anganene kuti luso lomweli ndi limene linadzaza misewu ndi galimoto zomangidwa ndi malegeni, zotsekedwa mapayipi ndi mabawuti. Chidandaulochi n'chomveka, ndipo sichofunika kuchibisa. Kutseka payipi ya busita kuti injini isiye kunjenjemera n'kusewera ndi miyoyo ya anthu okwera. Koma amene amachita zimenezi amakhala atalipeza kale vuto molondola. Chimene chimasowa ndi payipi yatsopano, kapena mwini galimoto wololera kulipira. Mlandu uli pa umphawi ndi pa kulekerera galimoto zosayenera kuyenda, osati pa khutu limene linamva mpweya ukulowa.

Ena amati zonsezi zinatha ndi kabuleta, poti kuchokera cha m'ma 1990 misewu yadzaza ndi galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan, zoyendetsedwa ndi kompyuta. Apanso mbiri ikutsutsa. Ku South Africa ankapangabe Nissan 1400 ya kabuleta mpaka 2008, ndipo zina zikunyamulabe kabichi ndi mbatata m'misewu yathu. Galimoto za petulo zatsopanozi zambiri zili ndi busita yodalira manifodi. Injini ya dizilo ilibe mphamvu yokoka yoteroyo m'manifodi, n'chifukwa chake pa maminibasi akale a Toyota Hiace pali kapampu kumbuyo kwa otaneta, ndipo kakafa, mabuleki amauma chimodzimodzi. Makina opimira akhoza kunena kuti mpweya wachuluka kuposa petulo, koma satchula payipi imene yang'aluka. Makaniko amayenerabe kutsegula boneti, kuwerama, n'kufinya mapayipi aja ndi zala zake.