Hattie McDaniel

Hattie McDaniel (10 Juni 1893 – 26 Okutobala 1952) anali katswiri wa mafilimu komanso woyimba wa ku America. Iye ndi munthu wakuda woyamba kulandira mphoto ya Oscar, yomwe adaipata mu 1940 chifukwa cha filimu ya Gone with the Wind.

Ubwana wake

McDaniel adabadwira ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, ndipo anali chitsirizira m'banja la ana 13. Makolo ake, Henry ndi Susan, adakhalapo akapolo. Banjali lidasamukira ku Colorado ndipo Hattie adakulira mumzinda wa Denver. Adayamba ndi kuyimba m'magulu oyendayenda a zisudzo, kenaka pa wailesi. Chuma cha America chitagwa mu 1929, ntchito zidasowa moti adakalembedwa yosamalira zimbudzi pamalo ena achisangalalo ku Milwaukee, mpaka eni malowo adamulola kuti aziyimba.

Ntchito ya mafilimu

Mu 1931 adapita ku Los Angeles. Masiku amenewo anthu akuda nthawi zambiri ankapatsidwa mbali za antchito apakhomo, ndipo iye adasewera mbali zotere kambirimbiri. Adaoneka m'mafilimu oposa 300, koma ambiri mwa iwo dzina lake silidalembedwe n'komwe. Ena odziwika ndi Judge Priest (1934), Alice Adams (1935) ndi Show Boat (1936), momwe adasewera limodzi ndi Paul Robeson.

Mu Gone with the Wind (1939) adasewera ngati Mammy, kapolo wolera ana a mzungu. Filimuyi itaonetsedwa koyamba ku Atlanta mu Disembala 1939, iye sadapiteko chifukwa cha malamulo a tsankho a ku Georgia. Mwambo wopereka mphoto udachitika pa 29 Febuluwale 1940 ku Ambassador Hotel, yomwe sinkalandira anthu akuda. Adamulola kulowa, koma adamukhazika patebulo lapadera, kutali ndi azungu omwe adasewera nawo.

Kudzudzulidwa

Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, motsogozedwa ndi Walter White, linkanena kuti mbali zotere zimanyozetsa anthu akuda ndiponso zimakometsera ukapolo. McDaniel ankayankha kuti kusewera ngati wantchito n'kumalipidwa bwino kunkaposa kukhala wantchito weniweni, ntchito yomwe ankaidziwa kuwawa kwake. Mphotoyo sidasinthe mbali zomwe ankapatsidwa. Mu 1947 adayamba kutsogolera sewero la pa wailesi lotchedwa Beulah, momwenso anali wantchito wapakhomo.

Imfa ndi chikumbutso

McDaniel adamwalira ndi khansa ya m'mawere ali ndi zaka 59. Adafuna kuikidwa m'manda a Hollywood Cemetery, koma eni mandawo adakana chifukwa cha khungu lake, choncho adaikidwa ku Rosedale Cemetery. Mu 1999 eni atsopano a manda a Hollywood adamumangira chipilala chomukumbukira, ndipo mu 2006 nkhope yake idaikidwa pa sitampa ya positi ya America. Mphoto yake idaperekedwa ku Howard University komwe idasowa, ndipo ina yolowa m'malo idaperekedwa mu 2023.

Padapita zaka 51 kuti mayi wina wakuda, Whoopi Goldberg, alandire Oscar ya kusewera mu 1991.