Mbiri ya Njerewere Zobisika ndi Milandu Imene Zinasenzetsedwa

Alipo mafunso amene munthu safunsa pagulu. Amadikira kuti swala ya Isha ithe, anzake avale nsapato n'kubalalika, kenaka amatsatira mphunzitsi mumdima mpaka atapeza poyambira. Umu ndi mmene bambo wina, msodzi, anandipezera chaka chatha. Mkazi wake anali atatuluka njerewere kumalo obisika, ndipo kuchipatala anamuuza kuti zimabwera ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. Iye mwini pathupi pake panalibe kanthu. "A Ustazi," anatero, "mundiyankhe ziwiri zokha. Kodi akunyumba anandiyenda njomba? Nanga imeneyi ndiyo khansa ija ikutha akazi?" Anali atatha milungu itatu tulo tikumuvuta, ndipo maganizo a talaka anali atayamba kale kumera mizu.

Ine si dokotala, choncho ndinamupempha kuti asachite kanthu mpaka nditafunsa odziwa ndi kuwerenga. Chimene ndinapeza n'chakuti mafunso ake awiriwa ndi akale kwambiri, ndipo kwa zaka pafupifupi 2,000 anthu ophunzira ankawayankha molakwa.

Agiriki ndi Aroma akale ankazidziwa njerewerezi. Celsus, mlembi wa ku Roma amene analemba za mankhwala m'zaka 100 zoyambirira za kalendala yomwe tikugwiritsa ntchitoyi, anafotokoza mitundu ingapo ya njerewere. Aroma ankazitcha nkhuyu zikamera kumaliseche kapena kotulukira chimbudzi, chifukwa cha maonekedwe ake, ndipo alakatuli awo monga Martial ndi Juvenal anazisandutsa chotonzera anthu amene ankawaganizira zachiwerewere. Manyazi, tsono, anayamba kale chidziwitso chisanafike. Munthu ankaweruzidwa ndi khungu lake pamene panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chimene chimameretsa zotupazo.

Mpofunika kutchula Abu al-Qasim al-Zahrawi, dokotala wa maopaleshoni amene anakhala pafupi ndi mzinda wa Cordoba ku Andalusia ndipo anamwalira cha m'ma 1013. M'gawo lomaliza la buku lake lalikulu la al-Tasrif analemba za kudula ndi kuwotcha njerewere, kuphatikizapo zomera kumalo obisika a akazi, ndipo anazilemba monga nthenda yofuna chithandizo pakati pa nthenda zina. Iyenso sankadziwa gwero lake. Koma pamene mlakatuli ankaona choseketsa khamu, iye ankaona wodwala, ndipo kwa ine kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa zida zonse zimene anajambula m'bukumo.

Chindoko chitabuka ku Ulaya cha m'ma 1495, njerewere zinasenzetsedwa mlandu watsopano. Kwa zaka pafupifupi 300 madokotala ambiri ankaziwerenga ngati chizindikiro cha chindoko, ndipo mankhwala a chindoko a nthawiyo anali mekyule, chiphe chogwedeza mano ndi kuwononga thupi. Mu 1793 Benjamin Bell wa ku Edinburgh analimbikira kuti chindoko ndi chinzonono ndi matenda awiri osiyana, ndipo pang'onopang'ono mlandu wa njerewere unachoka pa chindoko n'kupita pa chinzonono. Albert Neisser atatulukira kachirombo ka chinzonono mu 1879, zinaoneka kuti anthu ambiri a njerewere analibe kachiromboko. Pamenepo ena anayamba kunena kuti vuto ndi uve ndi chinyezi basi.

Yankho linayamba kuoneka mu 1907 pamene dokotala wa ku Italy, Giuseppe Ciuffo, anapera njerewere, n'kusefa madzi ake pa sefa yoti mabakiteriya sangadutse, kenaka n'kudzibaya nawo padzanja lake lomwe. Patapita miyezi njerewere zinamera pamalopo. Izi zinasonyeza kuti choyambitsa ndi vairasi, kachirombo kochepetsetsa. Mu 1933 Richard Shope wa ku America anapeza vairasi wa mtundu womwewu mwa akalulu a kutchire amene ankamera zotupa zolimba zonga nyanga. M'nthano zathu kalulu ankadzimata nyanga za phula kuti alowe paphwando la eni nyanga. Uyu wa ku America nyanga zake zinali nthenda. Patatha zaka ziwiri Peyton Rous ndi mnzake anasonyeza kuti zotupa za akaluluzo zimatha kusanduka khansa.

Kuti njerewere za kumaliseche zimapatsirana pogonana zinatsimikizika mochedwa, mu 1954, madokotala a ku America ataona akazi amene anatuluka njerewere patangopita milungu ingapo amuna awo atabwera kuchokera ku nkhondo ya ku Korea. Koma kafukufuku wotsatira anaonjezera mfundo imene msodzi uja ankaifuna. Mu 1971 dokotala wa ku London, J. D. Oriel, anapeza kuti njerewere zimatha kuoneka patapita milungu itatu kapena mpaka miyezi isanu ndi itatu munthu atatenga kachiromboka. Lero n'zodziwika kuti kamatha kukhala chete m'thupi nthawi yaitali kuposa pamenepo, n'kudzaonekera chitetezo cha m'thupi chikatsika, monga pa nthawi ya pakati. Amuna ambiri amakhala nako popanda chizindikiro chilichonse, ndipo palibe njira yokhazikika yowayezera kuchipatala. Munthu amene anakhalapo pa banja lina, kapena ali pa mitala, angakalandire ndi kukapereka kudzera m'nikaha yovomerezeka kotheratu. Njerewere sizitchula tsiku, sizitchulanso dzina la munthu. Shariya, monga tikudziwira kuchokera mu Surat An-Nur, imafuna mboni zinayi munthu asananenezedwe chigololo, ndipo woneneza popanda mbonizo ndiye amalangidwa. Kachotupa ka pakhungu sikangakhale ngakhale mboni imodzi.

Funso lachiwiri, la khansa, lili ndi mbiri yakeyake. Mu 1842 Domenico Rigoni-Stern anasanthula mabuku a imfa a mzinda wa Verona a zaka za 1760 mpaka 1839, n'kupeza kuti khansa ya chiberekero inkapha kwambiri akazi okwatiwa ndi amasiye, pamene mwa masisitere inali yosowa. Anaona zoona, koma obwera pambuyo pake ambiri anazimva mokhota, ngati kuti khansayi ndi chilango cha akazi oyendayenda, kuiwala kuti m'mabuku aja munali akazi a pabanja. Kwa zaka zoposa 100 anthu anasakasaka choyambitsa, ndipo pofika zaka za m'ma 1970 ambiri ankaloza chala vairasi wa herpes.

Harald zur Hausen wa ku Germany sanakhutire nazo. Mu 1976 analemba kuti wolakwa angakhale vairasi wa njerewere, ndipo anzake ambiri sanamulabadire. Gulu lake litayamba kufufuza, linapeza chinthu chimene chinasintha nkhani yonse: HPV si kachirombo kamodzi, ndi fuko lalikulu, lomwe lero mitundu yake yodziwika ikuposa 200. M'njerewere za kumaliseche anapezamo mtundu wa 6 ndi wa 11. M'zotupa za khansa ya khomo la chiberekero anapezamo ina, mtundu wa 16 mu 1983 ndi wa 18 mu 1984. Mitundu ya 6 ndi 11 ndiyo imameretsa pafupifupi njerewere 90 mwa 100 zilizonse za kumaliseche, ndipo siiwerengedwa m'gulu loyambitsa khansayi. Ya 16 ndi 18 ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 ya khansa za khomo la chiberekero, ndipo simeretsa kanthu koti mayi angaone kapena kukhudza. Zur Hausen analandira mphotho ya Nobel mu 2008.

Apa ndi pamene ndinaima nthawi yaitali. Chimene chimasowetsa anthu tulo, chija chooneka ndi maso, kawirikawiri si chimene chimapha. Chakupha chimagwira ntchito mwakachetechete kwa zaka 10 kapena 20 mwa mayi amene sakumva kupweteka paliponse. Nkhawa zathu zakhala zikulondera khomo lolakwika. Komabe munthu angakhale ndi mitundu ingapo nthawi imodzi, choncho mayi wa njerewere ayenera kuyezetsa khomo la chiberekero monga mayi wina aliyense. Ndipo mwa anthu 10 otenga HPV, pafupifupi 9 thupi lawo limathana nako lokha pasanathe zaka ziwiri.

Katemera anachokera ku ntchito ya Ian Frazer ndi Jian Zhou ku Yunivesite ya Queensland mu 1991, pamodzi ndi magulu ena a ku America. Zhou anamwalira mu 1999 asanaone katemera woyamba, Gardasil, akuvomerezedwa mu 2006. Dziko la Australia linayamba kubaya atsikana mu 2007, ndipo m'zaka zochepa njerewere za kumaliseche zinatsala pang'ono kutheratu pakati pa atsikana a kumeneko. Kuno kwathu, kumene khansa ya khomo la chiberekero ndiyo yofala kwambiri mwa amayi ndipo chiwerengero chathu chili m'gulu la zokwera zedi padziko lonse, katemerayu anayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, n'kufalitsidwa dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Amabayidwa ali aang'ono chifukwa katemera amateteza amene sanakumane ndi kachiromboka. Sachiza amene ali nako kale. Amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi, malinga ndi bungwe la WHO, ndipo amafunika kuyezetsa pafupipafupi.

Ndimamva ena a ife akunena kuti poti tinapita ku jando, nkhaniyi si yathu. Kafukufuku wa ku Rakai ku Uganda, wofalitsidwa mu 2009, anapezadi kuti mdulidwe umachepetsa mitundu yoopsa ya HPV mwa amuna, koma ndi gawo limodzi mwa atatu lokha. Kwinanso kumidzi zotupa zoterezi zimatchedwa mauka ndipo zimadulidwa ndi lezala kuseri kwa nyumba. Kudula koteroko kumasiya bala, kumatha kufalitsa matenda ena, ndipo kachirombo kamatsala pakhungu. Komanso si chotupa chilichonse chimene chili njerewere. Tina ndi timatuza tachibadwa topanda vuto, pamene chindoko chimatulutsa zotupa zofanana nazo zofuna jakisoni. Wosiyanitsa ndi wachipatala yekha. Mankhwala opaka a podophyllin, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa njerewerezi mu 1942, amathandiza, koma saloledwa kwa mayi woyembekezera. Njerewere zimatha kubwereranso m'miyezi yoyambirira, ndipo kubwerera kwake si umboni wakuti wina wachimwanso.

Msodzi uja ndinamufotokozera zonsezi titakhala pa khonde la madrasa, ana ataweruka. Nditafika pa za amuna onyamula kachirombo mosadziwa, anakhala chete, kenaka anandikumbutsa yekha kuti iye anali ndi banja lina asanakwatire mayiyu. Lachiwiri lotsatira sanapite kunyanja. Anaperekeza mkazi wake kuchipatala, kumene namwino wamkazi anapaka viniga pa khomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi kuti aone ngati pena patayere. Sipanayere paliponse. Anawalembera m'buku la kuchipatala tsiku lobweranso kudzapaka mankhwala a njerewere, ndipo pobwerera anafunsa namwinoyo za katemera wa mwana wawo wamkazi wa Sitandade 4.