Ulendo wa pandege wochoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg

Kuchokera pabwalo la ndege la Chileka kukafika pa OR Tambo ku Johannesburg pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,350, kuyeza molunjika. Ndege za Malawi Airlines ndi za Airlink zimauluka mtunda umenewu m'maola awiri ndi mphindi zingapo. Wotchi sasintha, chifukwa nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi.

Wokonda masamu angafunse: ndege ya Boeing 737 imathamanga makilomita 800 ndi kuposa pa ola, nanga ilekeranji kufika maola awiri asanakwane? Liwiro limenelo ndi la pakati paulendo pokha. Ponyamuka imayamba yakwera, potsika imachepetsa liwiro, ndipo pa OR Tambo, bwalo lomwe ndege zimapanikizana, nthawi zina imadikira mpata wotera.

Komatu maola awiriwo asanyenge munthu. Wokhala ku Sunnyside mu Blantyre amayenera kuyenda kaye makilomita pafupifupi 16 kuti afike ku Chileka, ndipo afikeko maola awiri ndege isananyamuke kuti ayezetse katundu ndi kudindetsa pasipoti. Ku Joni nako mzere wa pasipoti umamudikira. Pomakhala pansi m'nyumba ya achibale, theka la tsiku lapita.

Ngakhale zili choncho, wapabasi angamusirire. Njira yapansi, yomwe amalonda ambiri amadzera chifukwa cha mtengo ndi kuchuluka kwa katundu, imaposa makilomita 1,700. Imadzera pachipata cha Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete mu Mozambique, kulowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare mpaka Beitbridge. Malire alipo atatu, ndipo pa malire alionse anthu amatsika, kufola ndi kudindetsa. Tsiku lathunthu ndi usiku wake sizikwana; pa Beitbridge pakadzaza, ulendowo umatha masiku awiri.

Amalawi ambiri oyamba kuuluka molowera ku Joni sanali mabwana ayi, anali anthu a m'migodi. Bungwe la Wenela, lomwe dzina lake lidatsalira pa depoti ya basi mu Blantyre, linkawanyamula pandege kuchoka ku Malawi kukatera ku Francistown m'dziko la Botswana, kenako n'kumalizitsa ulendo pasitima. Pa 4 April 1974 ndege yake ya DC-4 idagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha anthu 78, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kumudzi. Kamuzu Banda adaletsa nthawi yomweyo kulemba anthu ntchito za m'migodi. Kulembako kudayambiranso mu 1977, bungwelo litayamba kutchedwa TEBA, ndipo kudathera mu 1988 maboma a Malawi ndi South Africa atasemphana pa nkhani yoyeza anthuwo kachilombo ka HIV.